Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Ndege za dziko lino ndi masamu amene amaziulutsa

Gawo lapita lija tinasiyira pamene ndinkayamba ntchito yowerengera kulemera kwa ndege isananyamuke. Lero zanga ndiziika kaye pambali, chifukwa zimene zikubwera kutsogoloku simungazimve bwino ngati simukudziwa kumene ndege za dziko lino zinachokera ndiponso masamu amene amaziyendetsa. Anthu akamakamba za Air Malawi amangoti inagwa ndi ngongole, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngongoleyo inalipodi, koma ngongole siigwa kumwamba ngati mvula. Ili ndi mipata yake yolowera, ndipo ina mwa mipatayo imaonekera pa pepala limodzi lomwe kaputeni amasainira chitseko chisanatsekedwe.

Make wa Air Malawi anali Central African Airways, yomwe anthu ankangoti CAA. Inakhazikitsidwa mu 1946 kuti izitumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, CAA inabala ana atatu mu 1964: Air Malawi, Zambia Airways ndi Air Rhodesia. Dzina linali lathu, koma mwanayo ankayamwabe kwa make mpaka mu 1967 pamene anaima payekha. Ndege zoyamba zinali Douglas DC-3 ndi tindege ta Beaver totha kutera pa mabwalo a fumbi. Kenako kunabwera Vickers Viscount, HS 748, ndipo mu 1972 jeti ya BAC One-Eleven.

Ndege imene akuluakulu a ku Blantyre amaikumbukabe ndi Vickers VC10, yomwe inagulidwa ku British Caledonian mu 1974 n'kuyamba ulendo wa ku London, pa bwalo la Gatwick. Sanaisankhe mwachisawawa ayi. VC10 inapangidwira mabwalo otentha, okwera komanso a msewu waufupi, ndipo Chileka ndi wotero kumene: ali pamalo okwera mamita pafupifupi 780 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo msewu wake wonyamukirapo ndi wa mamita pafupifupi 2,300 okha. Mainjini ake anayi anali kumchira, mapiko n'kukhala opanda chotchinga, motero inkanyamuka msanga. Koma walira mvula walira matope. Mainjini anayiwo ankamwa mafuta koopsa, ndipo ndegeyo inali imodzi yokha ya mtundu wake. Mu 1979, chaka chimene mafuta anakweranso mtengo pa dziko lonse, ulendo wa ku London unaima. Ndegeyo inadzakhala pa Chileka zaka zambiri, dzuwa ndi mvula zikuithera pamsana, mpaka inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990.

Zina ndingodutsamo. Mu 1983 bwalo la Kamuzu ku Lilongwe linatsegulidwa, maulendo akunja n'kusamukira kumeneko, pomwe likulu la kampani linatsala ku Blantyre. Mu 1985 kunabwerekedwa Boeing 747SP ku South African Airways, n'kuipaka mitundu ya Air Malawi, kuti inyamule Dr Kamuzu Banda pa ulendo wa ku London. Mu 1991 kunabwera Boeing 737-300 yomwe inapatsidwa dzina loti Kwacha, ndipo maulendo aafupi anadzagwidwa ndi ATR 42. Tsono tiyeni ku pepala lija.

Pepalalo timalitcha loadsheet. Limayankha mafunso awiri: ndegeyi ikulemera bwanji, nanga kulemerako kwakhala pati. Tiyerekeze ndege ya msinkhu wa 737-300 ikuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, ulendo wa maola pafupifupi awiri ndi theka. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma ndi a msinkhu woyenera ndege yotere. Ndege yokhayo, pamodzi ndi ogwira ntchito ndi zakudya, tinene kuti ndi makilogalamu 33,000. Mafuta sawerengedwa mongoti tidzaze thanki. Pali a ulendo weniweniwo, tinene 6,000. Pamwamba pake pamaikidwa 5 peresenti yodzitetezera ku mphepo yotsutsana nayo kapena kuzunguliridwa njira, ndiye 300. Pali a kukafika pa bwalo lina ngati lomwe mukupitalo latsekeka, tinene 1,800. Pali a mphindi 30 omwe lamulo limati azikhala akadalimo ndege ikamatera, 1,200. Mukaonjeza oyendera pansi ndi ena amene kaputeni wapempha ataona za nyengo, mwafika pa 10,000.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale akatswiri. Galimoto yothira mafuta imawerenga malita, pomwe ndege imawerenga kulemera. Lita imodzi ya Jet A-1, mafuta a ndege za jeti, imalemera pafupifupi 0.8 ya kilogalamu, ndiye makilogalamu 10,000 ndi malita pafupifupi 12,500. Wina akasokoneza n'kuthira malita 10,000, ndege yanyamuka yoperewera matani awiri. Si nthano iyi. Mu 1983 Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta m'mwamba chifukwa anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, ndipo inatera mainjini onse ali zii. N'chifukwa chake risiti ya mafuta imafanizidwa ndi mageji a m'ndege, anthu awiri n'kugwirizana, munthu asanasaine.

Tinene kuti tsikulo ndege ikuloledwa kunyamuka ndi makilogalamu 58,000. Chotsanipo 33,000 ndi 10,000, zatsala 15,000 za anthu ndi katundu. Apaulendo sitiwakweza pa sikelo mmodzimmodzi. Pali kulemera kongogwirizana, ndipo makampani ambiri amawerengera makilogalamu 84 pa munthu wamkulu pamodzi ndi chikwama chake cham'manja. Anthu 130 ndiye 10,920. Aliyense akhale ndi sutikesi ya makilogalamu 23, ndiye 2,990. Zonse pamodzi 13,910. Zakwana, ndipo patsala kampata ka tani imodzi yonyamulira makalata ndi katundu wa malonda.

Tsopano ulendo womwewo uchitike masana a mu Okutobala. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo wa pamalo okwera ndi wopepukiratu. Injini imameza mpweya wochepa, mphamvu n'kutsika, mapikonso amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule. Komanso masamu a kunyamuka sawerengera mainjini awiri. Amawerengera kuti imodzi yafa pa nthawi yoipitsitsa, ndipo yotsalayo iyenera kukweza ndege yonse kudutsa mitengo ndi mapiri a kutsogolo. Kutentha kukachotsa makilogalamu 2,000 pa malire aja, za anthu ndi katundu zatsala 13,000. Mwapitirira ndi 910. Mafuta a lamulo simungawachepetse. Anthu ali kale pa mzere ndi ziphaso zokwerera. Zoyamba kutsika ndi katundu wa malonda, kenako masutikesi, ndipo makilogalamu 910 ndi masutikesi 40. Munthu akafika ku Joni n'kupeza sutikesi yake palibe, amaganiza kuti yabedwa kapena ogwira ntchito ndi osasamala. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma nthawi zinanso sutikesiyo inatsitsidwa dala ndi munthu amene anachita masamu ake molondola. Kampani ndiye imalipira: kuitumiza pa ndege ya mawa, ndi kuiperekeza komwe mwini wake wafikira.

Ulendo wobwerera uli ndi minga yake. Bwalo la OR Tambo ku Johannesburg lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700, kuposa Lilongwe yomwe ili cha pa 1,230. Ndi pa ulendo umenewunso pamene amalonda amabwera ndi zikwama zotupa. Kuonjeza apo, mafuta a kuno amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndiye amakhala odula, ndipo nyengo zina amasowa. Kampani imakopeka kumwetseratu ndege ku Johannesburg mafuta okwanira ndi ulendo wotsatira. Koma kunyamula mafuta kumadyanso mafuta, ndipo tani iliyonse yoonjezera ndi tani ya katundu wolipira imene yatsala pansi. Palinso malire ena a kulemera potera, omwe ndi otsika kuposa a ponyamuka. Mukamwetsa mopitirira, mufika pamwamba pa Lilongwe muli olemera kwambiri moti simungatere.

Funso lachiwiri lija, loti kulemera kwakhala pati, aliyense amene anaonapo njinga ya makala alimva msanga. Matumba akachuluka kumbuyo, tayala lakutsogolo limafuna kunyamuka lokha. Ndege nayo ili ndi malire akutsogolo ndi akumbuyo. Katundu akachuluka kumchira, mphuno imadzuka nthawi isanakwane. Akachuluka kutsogolo, woyendetsa amakoka chiwongolero koma mphuno imakana kudzuka, msewu uku ukutha. Choncho wowerengera amalemba kuti masutikesi angati alowe chipinda chakutsogolo, angati chakumbuyo, ndipo kapitawo wa opakira amasainira kuti anapakiradi momwemo. Pa ndege zazing'ono ngati ATR 42, anthu asanu okha akasamuka mipando manambala asintha. Mukamva wogwira ntchito m'ndege akukupemphani kuti mubwerere pa mpando wanu ngakhale kutsogolo kuli mipando yopanda anthu, si mwano, akutsata pepala lomweli. Munthu akachedwa n'kukwera pa mapeto, amalembedwa pamanja m'kabokosi ka zosintha za mphindi yomaliza, koma zikapyola malire amene kampani inaika, pepala lonse limalembedwanso. Ndipo munthu akapereka sutikesi koma iye osaoneka pa geti, sutikesiyo iyenera kufufuzidwa m'mimba mwa ndege n'kutsitsidwa. Mphindi 20 zimathera pamenepo.

Chimene chimapha kampani ya ndege zochepa, kwa ine, ndi tsiku limene ndege yakana kuuluka. Chipangizo chikafa, injiniya amatsegula buku lotchedwa MEL, lomwe limanena zimene ndege ingauluke nazo zili zakufa ndi kwa masiku angati. Za gulu B zimapatsidwa masiku 3, za gulu C masiku 10, za gulu D masiku 120. Chimene mulibe m'bukumo, ndege siichoka pansi. Sipeyala ya ndege siigulidwa ku Limbe kapena ku Devil Street. Imabwera ndi satifiketi yake yosonyeza kumene inapangidwa kapena kukonzedwa, ndipo yopanda pepala ndi chitsulo chabe. Kampani ya ndege 100 imangotulutsa ndege ina pa mzere. Kampani ya jeti imodzi kapena ziwiri imagoneka anthu ku hotela, kuwagulira matikiti kwa opikisana nawo, kapena kubwereka ndege pamodzi ndi oyendetsa ake, yolipira pa ola. Nthawi yonseyo malipiro, inshuwalansi ndi lendi zikuyenda ngati kuti ndege ili m'mwamba.

Kukhala ndi mitundu yambiri ya ndege, iliyonse imodzi kapena ziwiri, kumakulitsa balali. Woyendetsa 737 sangangokwera ATR 42. Mtundu uliwonse uli ndi chiphaso chake, ndipo miyezi 6 iliyonse amayenera kukayesedwa pa makina oyeserera kuuluka, omwe amakhala kunja. Mainjiniya nawonso chimodzimodzi, ndipo shelefu ya masipeyala imakhala yakeyake. Taonani mndandanda wa ndege zimene zinavalapo dzina la Air Malawi: DC-3, Beaver, Viscount, HS 748, One-Eleven, VC10, 737, ATR 42. Iliyonse inali sukulu yatsopano ndi sitolo yatsopano.

Kenako ndalama. Tikiti yogulidwa ku Blantyre imalipiridwa m'makwacha, nthawi zina miyezi iwiri ulendo usanachitike. Lendi ya ndege, masipeyala, inshuwalansi, maphunziro, zolipira potera ku maiko ena ndi podutsa mumlengalenga mwawo, zonsezi zimafuna ndalama zakunja. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Amene anagulitsa matikiti mu Epulo anayenera kunyamula anthuwo mu Juni, ndalama ili m'manja yafooka kale, ngongole za madola zili pomwepo. Zomwezi zinachitikanso mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndipo ngakhale makwachawo akhale ochuluka, banki ikati madola palibe, sipeyala imakhalabe pa shelefu ku Ulaya.

Kumapeto kwa 2012 boma linaganiza zothetsa Air Malawi, ndipo mu 2013 inatsekedwa. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, yomwe lero ndi Malawi Airlines: boma la Malawi 51 peresenti, Ethiopian Airlines 49 peresenti. Ulendo wake woyamba unali pa 31 Januwale 2014, ndipo zilembo za pa tikiti zinasintha kuchoka pa QM kupita pa 3W. Ena zinawapweteka kuti mlendo walowa mpaka kuchipinda. Ine ndimayang'ana ndege zimene anayamba nazo, Bombardier Q400 ndi Boeing 737, mitundu yomwe Ethiopian ili nayo yambiri. Ku Addis Ababa kuli malo okonzera ndege, sukulu ya oyendetsa ndi mashelefu odzaza, zomwe akhala akumanga kuchokera pa ulendo wawo woyamba wa ku Cairo mu 1946. Pampu ikafa ku Lilongwe, ina itha kukwera ndege yochokera ku Addis Ababa n'kufika mawa lake, masiku a MEL asanathe. Anzathu a ku Zambia, omwe Zambia Airways yawo inagwa mu 1994, anatsata njira yomweyo poidzutsanso mu 2021, Ethiopian itatenga 45 peresenti.

Gawo lotsatira tibwerera ku desiki kuja, ndikuuzeni za loadsheet yoyamba imene ndinalemba pamanja, ndi pensulo ndi rula, kompyuta itazima.