Kujambula sitolo yakale m'galasi la nyumba yatsopano

Ku Nsanje, komwe kale ankati Port Herald, komanso pa Bangula ndi pa Ngabu, mukadali masitolo akale a njerwa zowotcha, khonde la mizati ndi malata adzimbiri. Tsidya la msewu kwamera nyumba za magalasi akuda ndi abuluu. Wojambula wochenjera amaifulatira sitolo yakaleyo n'kukaisaka m'galasi.

Galasi loyera, mukaliyang'ana molunjika, limabweza magawo pafupifupi 8 okha pa 100 a kuwala. Choncho sitoloyo ioneka pokhapokha ili padzuwa, kuseri kwa galasi kuli mdima. Ngati galasi layang'ana kumadzulo, fikani m'mawa, dzuwa likuwomba kumaso kwa sitolo. Dzuwa likafika paliwombo musadzivute, khonde lonse limangoti bii. Imani chammbali: mukaima patsogolo penipeni mudzijambula nokha, komanso galasi limabweza kuwala kochuluka mukaliyang'ana mopendekeka.

A foni amalakwa potalika. Mukaima mamita 3 kuchokera pagalasi, sitolo ili mamita 15 kumbuyo kwanu, kamera iyenera kuona mamita 21: 18 ochokera pasitolo kufika pagalasi, ndi 3 ochokera pagalasi kubwerera kwa inu. Koma foni imakonda kugwira fumbi lomata pagalasi, sitolo n'kutuluka mbuu. Dinani pasikirini pomwe pali denga la sitolo musanatole.

Kwa a pensulo ndi penti, rula igwire ntchito pamafelemu a zenera basi. Za m'kati mwa galasi musaziwongole. Galasi lolimbitsidwa ndi moto limatuluka kufakitale lili ndi timafunde tosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake mizati yowongoka imaoneka ngati nzimbe zopindika, ndipo mzere wa denga umaduka pafelemu n'kukayambira pena m'galasi lotsatira. Kukoma kwa chithunzi kwagona pamenepo, ndiye ambiri amafufuta poganiza kuti dzanja laphonya. Zilembo za pachikwangwani zilembeni chobwerera, monga zikuonekera. Njerwa musazipatse kufiira kwake kwenikweni. Sakanizani ndi buluu kapena bulauni pang'ono, potengera mtundu wa galasilo, pakuti chooneka m'galasi chimakhala chodera kuposa chenichenicho.

Mu Okutobala kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, penti wa madzi amauma burashi isanabwerenso, n'kusiya mizere. Nyowetsani pepala kachigawo ka galasi limodzi, mumalize, kenaka musunthire kwina, ndipo mukhale pamthunzi.