Nazale yathu ya kuseri kwa tchalitchi: pomwe tafika mu Novembala

Mbande za msangu ndi zomwe zandisangalatsa kwambiri mwezi uno. Njere zake n'zolimba khungu, choncho tisanafese tidazitema pang'ono m'mphepete ndi chowengera zikhadabo kuti madzi alowe msanga. Machubu ake tidawasanja pa thandala, chifukwa muzu wa msangu umathamangira pansi. Ukaboola chubu n'kulowa m'dothi, pa tsiku losamutsa umaduka ndipo kamtengoko kamafooka. Pa thandala muzu ukangosuzumira kunsi, mphepo imauumitsa wokha. Alimi a mu mpingo mwathu akuulimbirana kale mtengowu, poti umayoyola masamba nthawi ya dzinja: chimanga sichisowa dzuwa, nthaka nayo imapeza chonde.

Keshya ndi mthethe zili bwino, palibe chodandaulitsa. Mbawa yamera mwa apo ndi apo. Njere zake sizichedwa kutha mphamvu zikakhalitsa.

Sabata ino tayamba kupatulira udzu wa pamthunzi ndi kuchepetsa madzi othirira kuti mbande zikhwime. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma ife tikufuna kuwokera mvula ikangokhazikika, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike.

Ena amandifunsa kuti za mitengo zikulowa bwanji m'tchalitchi. Amene adaona matope ndi miyala zikutsika phiri la Soche kulowa m'Chilobwe mu Malichi 2023 safunsa zimenezi. Namondwe Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ambiri opulumuka adagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mitengo yathuyi singaletse namondwe, pakuti kutentha kwa dziko kukudza makamaka ndi utsi wa malasha ndi mafuta m'maiko a mafakitale ambiri. Koma phiri lovala mitengo limagwira dothi, madzi n'kumalowa pansi m'malo mokokolola minda. Abusa athu amakonda kutikumbutsa Genesis 2:15, pomwe munthu adaikidwa m'munda kuti aulime komanso ausamale. Anzathu a Katolika nawo amaphunzitsana m'miphakati kalata ya Laudato Si', yonena za kusamalira chilengedwe, imene Papa Francis adalemba mu 2015, ndipo timasinthana nawo njere.

Chomwe chimandiwawa mtima n'chakuti ife Amalawi kudzala timadzala ndithu, koma kusamala ayi. Tsiku lodzala kumakhala nyimbo ndi zithunzi, pofika Ogasiti mbuzi, chiswe ndi moto wolusa zamaliza zonse. N'chifukwa chake ndidapempha akulu a mpingo kuti chaka chino mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake. Mzere wa kumsewu ndi wa amayi a Mvano, wa kuchitsime ndi wa kwaya, ndipo ana a Sande sukulu atenga mapapaya ndi magwafa. Mabungwe amabwera n'kupita ntchito yawo ikatha, pamene mpingo umakumana Lamulungu lililonse, ndiye wonyalanyaza mtengo wake adzafunsidwa pamaso pa anzake.

Tayambanso kusamalira zitsa zophukira m'munda wa mpingo, njira imene Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, adailimbikitsa ku Niger m'zaka za m'ma 1980. Pa chitsa timasiya mphukira zowongoka zingapo, zotsalazo n'kusadza. Mizu yake ndi yakale, yozama kale, ndiye mitengoyi ikukula mofulumira popanda kuthirira. Amayi nawo avomera kuti pa misonkhano ya mpingo azidzaphikira pa mbaula za chitetezo, zosadya nkhuni zambiri ngati mafuwa atatu.

Chatsala ndi kukumba mayenje ndi kudula minga yotchingira mbuzi. Achinyamata alonjeza kubwera ndi makasu Loweruka likudzali. Amene muli ndi njere za mbawa zongotola kumene, chonde tigawireniko.