Ndapeza ATV yanga yoyamba, koma mapepala anandidyera masiku awiri

Loweruka lapitali ndinatulutsa gwape wanga woyamba m'nkhalango popanda kuthyoka msana, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Komabe ndikakumbukira zomwe ndadutsamo kuyambira mu Ogasiti kuti ndipeze njinga yamoto ya matayala anayi imeneyi, imene kuno amangoitcha ATV, mtima umayambanso kuwira. Abale athu angapo kuno ku America, kumpoto kwa Indiana, ayamba kugula nyumba kunja kwa tauni komwe kuli malo aakulu, ndipo awiri andifunsa kale za nkhaniyi, choncho ndati ndingolemba kamodzi.

Ife tili ndi maekala asanu, ndipo theka lake ndi mitengo. Ntchito zake ndi kukoka nkhuni, kututa masamba ndi nthambi, kunyamula manyowa kupita kudimba la akazi anga, ndi kukankha sinowo panjira yolowera pakhomo, yomwe ndi yaitali. Za kusaka zinabwera ndi abambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, omwe ali ndi nkhalango yawo ndipo anandilola kusakamo. Chaka chatha ndinawathandiza kukoka gwape ndi chingwe kuchoka m'khwawa, tili awiri, ndipo ndinagona masiku awiri msana uli gwa. Pamenepo m'pamene ndinatsimikiza zogula.

Musananyamuke pakhomo kukaona ATV iliyonse yogwiritsidwa kale ntchito, uzani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha title ndi chithunzi cha VIN, nambala yozindikirira njingayo yomwe ili pa felemu. Title ndi ija kwathu timaitcha blue book. Dzina la pa title likhale la munthu yemwe mukuyankhula nayeyo. Akayamba kuzungulira, musiyeni. Ndibwereranso pamenepa chifukwa ndi pamene pandipweteka.

Za kukula kwa injini sizinandivute kwambiri, ngakhale anzanga akuntchito anafuna kundisokoneza. Aliyense ankati ndigule ya 700cc kapena 850cc, ati yaing'ono ndidzatopa nayo. Anthu amenewa amakathamanga m'matope kumapeto kwa sabata, zofuna zawo n'zina. Abambo oyandikana nawo aja anangondikweza pa Honda Rancher yawo ya 420cc, yomwe akhala nayo zaka zambiri, n'kundiuza kuti, "Achimwene, gwape salemera ngati ng'ombe." Zoonadi, pa ntchito ya pakhomo ndi kusaka, chilichonse cha pakati pa 400 ndi 570 n'chokwanira. M'gulu limeneli muli Rancher, Honda Foreman 520, Yamaha Kodiak 450, Polaris Sportsman 450 ndi 570, Suzuki KingQuad 400 ndi 500. Yaikulu imalemera, imamwa mafuta, ndipo pakati pa mitengo yothithikana imavuta kukhota. Kwa munthu woyamba kumene, mphamvu zochuluka n'zomwe zimagwetsa. Za side-by-side, ija yokhala ndi chiwongolero ngati galimoto, ndinaisiya msanga chifukwa mtengo wake unali kutali ndipo sikanadutsa m'tinjira ta m'nkhalango ya abambo aja.

Chomwe simuyenera kunyengerera ndi 4x4. Ya 2WD ndi yotchipa, koma mu Novembala pansi pamakhala pofewa, ndipo sinowo simungaikankhe ndi matayala awiri okha.

Ndinayambira kusitolo yogulitsa zatsopano. Pa intaneti analemba mtengo wa madola 7,000 ndi pang'ono, ndalama yomwe ndinali nditakonzekera. Ndinakhala ndi wogulitsayo pafupifupi maola awiri, anandionetsa zonse mwaulemu, ndinasankha ngakhale mtundu wa penti. Atatulutsa pepala lomaliza ndinangoti kakasi. Anawonjezera ndalama ya freight, ati yobweretsera kuchoka kufakitale. Anawonjezera ya setup, ati yomangira mahandulo ndi kuthira mafuta. Anawonjezeranso ya mapepala, kenaka msonkho wa boma wa 7 peresenti. Zonse pamodzi zinatsala pang'ono kufika pa 9,000. Msonkho sindikukana, umenewo ndi lamulo. Koma kundilipiritsa ndalama zomangira chinthu chomwe sangachigulitse chisanamangidwe, osandiuza pachiyambi, kunandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamufunsa kuti bwanji sanazilembe pamtengo uja. Anati ndi mmene aliyense amachitira. Ndinadzuka n'kutuluka. Mukafuna yatsopano, imbani foni muli kunyumba, funsani mtengo wa out the door, ndiye kuti ndalama yonse yomwe mudzasiye kuti mutuluke nayo pakhomo, ndipo akulembereni. Funsani masitolo atatu. Ubwino umodzi wa yatsopano ndi woti makampani ambiri amakulipirirani maphunziro oyendetsera a ATV Safety Institute. Ine ndinalipira ndekha pambuyo pake, ndipo sindikudandaula, chifukwa kumeneko n'kumene ndinaphunzira kusuntha thupi pokhota ndi pokwera chitunda.

Ndiye ndinalowa pa Facebook Marketplace, ndipo tsiku loyamba lotayika linachokera kumeneko. Ndinaona imodzi yooneka bwino kum'mwera, ulendo wa maola atatu. Mwini wake ndinamufunsa pa uthenga ngati title ilipo. Anati ilipo. Sindinapemphe chithunzi. Ndinapempha tchuthi kuntchito, tsiku lopanda malipiro, ndinabwereka ngolo yokokera kumbuyo kwa galimoto pamtengo wa tsiku lonse, ndinatapa ndalama kubanki, ndinanyamuka kusanache. Nditafika, njingayo inali yabwino ndithu. Tinagwirizana mtengo. Nditati tione title, analowa m'nyumba, anakhalitsa, n'kutuluka ndi pepala lolembedwa dzina la munthu wina. Ati ndi mlamu wake, anasamukira kudera lina. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti palinso dzina la kampani yobwereketsa ndalama, kutanthauza kuti ngongole yake mwina inali isanathe, ndipo kalata yosonyeza kuti anamaliza kulipira panalibe. Iye ankangoti, "Palibe vuto, anthu amagula choncho." Vuto lilipo. Chinthu chokhala ndi ngongole eni ngongoleyo akhoza kudzachitenga pakhomo panu, ndipo simungachilembetse m'dzina lanu popanda siginecha ya mwini wake weniweni. Ndinabwerera ndi ngolo yopanda kanthu ikugogoda kumbuyo maola atatu. Mafuta, ngolo, malipiro a tsiku, zonse zinapita chifukwa cha chithunzi chimodzi chomwe chikanatenga mphindi imodzi. Nditafika, akazi anga anangondiikira madzi osamba n'kunena kuti, "Abambo, bola ndalama mwabwera nazo." Ananena zoona, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndaiwala kunena za magiya, ndipo n'zofunika musanayambe kusaka pa intaneti. Ma ATV ambiri, monga Yamaha, Polaris ndi Can-Am, amayendera lamba, amati CVT. Mumangoika pa H (giya yothamangira) kapena L (giya yamphamvu, yoyendera pang'onopang'ono) n'kukanikiza kachitsulo ka mafuta ndi chala chachikulu. Ma Rancher ndi ma Foreman alibe lamba, ali ndi magiya, ena osintha ndi phazi, ena ndi mabatani, ena amasintha okha. Abambo oyandikana nawo aja amalumbirira magiya, ati lamba amatha. Ine ndinasankha lamba chifukwa akazi anga nawonso amayendetsa, ndipo pokankha sinowo umapita kutsogolo ndi kubwerera kambirimbiri. Lamulo lake n'limodzi: pokoka katundu, pokankha sinowo kapena poyenda pang'onopang'ono, ikani pa L. Mukakoka nkhuni muli pa H mukuwotcha lamba. Palinso nkhani ya kumbuyo. Zina zili ndi ekiselo imodzi yolimba, zomwe zimakhazikika bwino pokoka ngolo koma zimagwedeza msana pamiyala ndi mizu. Zina tayala lililonse lili ndi sipuling'i yakeyake, zimayenda mofewa. Ndi msana wanga uja ndinatenga yofewa. Ndipo ngati mungakwanitse, tengani yokhala ndi EPS, yothandizira kukhotetsa mahandulo ndi magetsi. Tayala likagunda chitsa, mahandulo sakukanthani m'manja.

Yomwe ndinagula pomaliza ndi Kodiak 450 ya EPS, kwa mlimi wina wa pafupi, mphindi 40 zokha. Ulendo uno chithunzi cha title ndinachiona ndisanadzuke pampando. Ndinamupempha kuti asailize ndisanafike, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Ndinaigwira, inali yozizira, ndipo inalira kamodzi kopanda utsi. Ndinatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya kuona ngati muli matope kapena madzi, chizindikiro choti inamizidwapo. Ndinasolola chitsulo choyezera oyilo, akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka thawani. Ndinagwada kuona timalabala tokuta maekiselo ngati tang'ambika, ndinagwedeza tayala lililonse, ndinayesa 4x4 pa udzu wonyowa. Yang'anani maola omwe injini yagwira, osati mamailosi okha, chifukwa ATV ya pafamu imatha kugwira ntchito tsiku lonse osapita patali. Iyi inali ndi maola osakwana 200.

Ndinkaganiza kuti ndathana nazo. Tsiku lachiwiri lotayika linali lisanafike.

Mlimiyo ndi munthu wabwino, ndilibe naye mlandu. Anasaina title, n'kundilemberanso ndi cholembera pepala losonyeza kuti wandigulitsa, mtengo ndi VIN. Ine ndinali wosangalala, sindinafananize mapepala awiriwo. Lachiwiri lotsatira ndinapemphanso theka la tsiku kuntchito kuti ndikalembetse. Ndinatenga nambala, ndinadikira ola ndi theka pabenchi. Nditafika pawindo, mayi wa pamenepo anayang'ana mapepala n'kundibwezera. Pa pepala lolemba pamanja lija mlimi analemba chilembo O pamene panayenera kukhala ziro, komanso anadumpha nambala imodzi, moti zinali 16 m'malo mwa 17. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mu VIN simukhala zilembo I, O ndi Q, chifukwa chomwecho choti zimafanana ndi manambala. Ndinachonderera kuti title ikuonetsa bwinobwino, angokonza. Anakana, ati pepala lofufutidwa salandira, wogulitsa alembenso. Ndikudziwa kuti amateteza anthu ku katundu wakuba, ndipo ma ATV amabedwa kwambiri. Koma chomwe chinandiwawa n'choti pakhomo panali munthu wopereka manambala yemwe anaona mapepala anga n'kungondiuza kuti ndikhale pansi. Akanawerenga pomwepo, ola ndi theka lija silikanapita. Ndinathamangira kwa mlimi, ndinapeza ali kumunda akukolola soya, ndinadikira mpaka madzulo. Pobwerera ofesi inali itatseka. Theka la tsiku linasanduka tsiku lonse, n'kuwonjezeranso m'mawa wa Lachitatu.

Choncho musamangoona chithunzi cha title ndi VIN. Mukafika, gwadani ndi tochi, pukutani felemu, werengani zilembo 17 chimodzichimodzi mofuula, mnzanu akutsatira pa title ndi pa pepala logulitsira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kulembetsa kwenikweniko ndi madola 30 pa zaka zitatu, amakupatsani zomata ziwiri. Msonkho wa 7 peresenti uja mumaulipirabe ngakhale mwagula kwa munthu wamba, choncho usungeni pambali.

Chinanso chomwe palibe anandiuza: musaganize kuti mukalembetsa mukhoza kulowa nayo m'nkhalango iliyonse ya boma. M'malo ambiri osakira a boma la Indiana ATV ndi yoletsedwa. Malo odziwika omwe amalola ndi Redbird ndi Interlake, onse kum'mwera. Ngati mumasaka pamalo a boma okha, gwape mudzamukokabe ndi manja. Ine mwayi wanga ndi nkhalango ya abambo aja. Pamisewu ya county, ija kwathu tingati distirikiti, zimadalira lamulo la county yanu, funsani. Ndipo ATV ntchito yake ndi kunyamula, kuthamangitsira nyama n'kosaloledwa. Ine ndimaisiya patali n'kuyenda pansi mpaka pamtengo womwe ndimadikirirapo gwape, mfuti ndimainyamula yopanda zipolopolo m'chikwama chake.

Ndalama zina zimabwera mwakachetechete. Winchi, kamakina kokoka ndi chingwe, ya mapaundi 2,500 ndinaika ndekha, ndipo ndiyo imakweza ndi kutsitsa chokankhira sinowo. Zisoti ndinagula ziwiri. Kuyambira 2017 lamulo la kuno limakakamiza chisoti kwa aliyense wosakwana zaka 18, koma ife akuluakulu mitu yathu si yachitsulo. Mwana wanga wa zaka 12 walira kale kuti akwere, ndamukaniza, chifukwa ATV ya kukula uku ndi ya zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo mpando wake wautaliwo ndi wosunthirapo thupi, si wa anthu awiri. Gulaninso kachoyezera mpweya kake kapadera, chifukwa matayala ake amafuna mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 5 psi, choyezera cha galimoto sichiwerenga bwino pamenepo.

Gwape wa Loweruka uja anagwera pansi pa khwawa lomwe lija la chaka chatha. Ndinaimika pamwamba, ndinatsitsa chingwe cha winchi, tinamukokera kumtunda, tinamumanga kumbuyo. Ndinatsika pang'onopang'ono pa L, abambo aja akuyenda pambali atagwira mfuti zonse ziwiri. Pofika 10 koloko m'mawa tinali pakhomo, gwapeyo ndinali nditamulembetsa kale kuboma pa foni. Chokankhira sinowo chili m'galaja, ndichimanga Loweruka likubwerali.