Tsiku limene mano anga anauluka pa asembule

Ana a Fomu 2 ndi amene anandiputa. Anamva kuti m'Chingerezi muli liwu la zilembo 45, ndiye anayamba kubetcherana kuti ine, mphunzitsi wawo wa Bayoloje, sindingalitchule pa asembule osapumira panjira. Ndinavomera. Munthu wa dipuloma ungathawe ana?

Liwu lake ndi ili: pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis. Ndi nthenda ya m'mapapo yobwera ukamapuma fumbi losalala kwambiri la miyala, lija limayeretsa nsidze za anthu ophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Madokotala alibe nthawi yotaya, amangoti silicosis. Analipeka ndi Everett Smith, mtsogoleri wa National Puzzlers' League, bungwe la anthu okonda masewera a mawu ku America, mu 1935, pongofuna kuti litalike basi. Iye anapeka n'kukagona, wovutika ndine.

Usiku ndinalidula ngati mzimbe: pneu-mo-no, ul-tra, mi-cro-scop-ic, sil-i-co, vol-ca-no, co-ni-o-sis. Maphatikizo 19. Koma lilime lathuli silifuna phatikizo lopanda vawelo kumapeto, moti "scop-ic" ankangotuluka "sikopiki", liwu n'kumatalikirabe. Akazi anga anasuzumira pakhomo la kuchipinda.

"Abambo, mwayamba liti kupemphera m'malilime?"

Chimene ana aja sankadziwa n'chakuti mano anga awiri akutsogolo ndi oikirira. Enieniwo ndinawasiya pamsewu tsiku limene ndinagwa pa kabaza.

Lolemba, nyimbo ya fuko itatha, ahedi anandiitanira kutsogolo. Ndinakoka mpweya wodzaza chifuwa, ndinatseka milomo mwamphamvu, n'kuphulitsa P woyamba uja. Mano fwamphu! Anadutsa pamwamba pa mzere woyamba n'kukagwera m'fumbi. Bwalo lonse zii. Poti kubetcha n'kubetcha, ndinapitiriza, koma mpweya unkangothawira pampata paja. "Silico" anatuluka "thilico", ndipo pofika kumapeto ndinkangoti "thithi, thithi" uku malovu akuthira ana a kutsogolo.

Kamtsikana kena, kaulemu ndithu, kanatola mano aja, kanawapukuta ndi siketi, kanagwada n'kundipatsa ndi manja awiri. Kenako kananong'ona:

"Aphunzitsi, P woyambayo satchula. Amangoyambira pa nyu."

Ahedi anayesa kulengeza kuti tikalowe m'makalasi, koma palibe anamva, chifukwa nkhope anali ataibisa m'kaundula, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, ana amene sindinawaphunzitsepo n'komwe amandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji a Pinyu?"