Sabata ya phula ndi makiyi pa ngalande ya Grand Union

Lolemba m'mawa tinatulutsa boti m'madzi pafupi ndi mudzi wa Braunston. Analipereka ndi mayi wina wamasiye, akuti amuna awo akanakondwa kumva kuti mukugona msilikali. Ine ndine makaniko m'bungwe lomwe limakonza maboti akale n'kuwapereka kwa asilikali opuma osowa pogona kuno ku England.

Kunsi kwake kunali dzimbiri lokhalokha. Masiku awiri tinangokhalira kupala ndi kupaka phula, manja kuchita kuuma ndi chisanu. Mabotiwa ndi aatali koma opapatiza, m'lifupi ndi mamita awiri ndi pang'ono, moti pokonza injini umachita kudzipinda.

Lachitatu ndinathera pa mbaula. Apa sindifulumira ngakhale wina andikakamize, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha, umangomutenga munthu ali m'tulo. Kuyambira 2019 boti lotere liyenera kukhala ndi alamu yake, ndipo satifiketi ya chitetezo imatha pakapita zaka zinayi. Ndinaika ma alamu awiri.

Mwini wake watsopano anabwera Lachinayi. Ndi bambo ofatsa, anatumikira ku Afghanistan, ndipo nyengo yonse yozizira yapitayi amagona m'galimoto. Ndinawaonetsa mabatire, thanki ya madzi, potaya za m'chimbudzi. Ankangogwedeza mutu. Titafika pa lamulo la Canal & River Trust, bungwe loyang'anira ngalandeyi, ndi pomwe anakwinya nkhope: amene alibe doko lakelake sakhala malo amodzi kupitirira masiku 14. Munthu wosuntha chonchi makalata ake afikira kuti? Nanga dokotala wa Op Courage (thandizo la zaumoyo la asilikali opuma), amene amawathandiza pa za maganizo, adzimuona bwanji? Nkhani imeneyi imandipweteka, chifukwa boti timalikonza bwino koma adiresi sitingaiwotcherere. Mnzanga wa mu ofesi anaimba mafoni tsiku lonse mpaka doko linapezeka la miyezi yozizira yokha.

Lachisanu tinayesera kudutsa pa zipata za madzi zokwezera ndi kutsitsira maboti pa ngalande. Chiwongolero anachigwira msanga, ngakhale anagunda khoma kamodzi, n'kuseka koyamba chiwaonereni.

Madzulo ndikulongedza masipanala anandifunsa motsitsa mawu ngati chitseko chimakhomeka ndi m'kati momwe.

"Chimakhomeka, bambo. Yesani nokha."

Analowa, n'kutseka. Ndinamva kiyi akuzungulira, kenako utsi unayamba kutuluka pa chumuni.