Sabata imene ndinasaka makalata a Mark Twain

Lolemba m'mawa, mphunzitsi wina wa zolembalemba anafika pa tebulo langa mu laibulale atanyamula buku la Mark Twain, mlembi wa ku America, lotchedwa The Innocents Abroad, limene linatuluka mu 1869. Iwo anati, "Mayi, bukuli ndili nalo kale, koma ndikufuna makalata enieni amene anatuluka m'nyuzipepala bukuli lisanalembedwe." Pempholi linandisangalatsa, chifukwa si kawirikawiri munthu kufunsa za gwero la buku limene waligwira kale m'manja.

Twain anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Quaker City, imene inanyamuka ku New York mu Juni 1867 kupita ku Ulaya ndi ku Palestine, ndipo nyuzipepala ya ku San Francisco, Daily Alta California, ndi imene inamulipirira ulendowo kuti aziitumizira makalata. Masamba a nyuzipepalayi anajambulidwa ndipo ali pa intaneti mu California Digital Newspaper Collection, choncho ndinayesa kuti ntchitoyi itha tsiku lomwelo.

Lachiwiri lonse linapita pachabe. Kompyuta imene inawerenga masamba akalewo inasokoneza zilembo zambiri pamene inki inafufuma, moti ndikalemba dzina la wolemba, makalata ena sankaoneka konse. Lachitatu ndinasiya kusaka ndi mawu, ndinayamba kutsegula nyuzipepala tsiku ndi tsiku kuyambira mu Ogasiti 1867, maso ali pa mutu woti "The Holy Land Excursion". Zilembo zake ndi zazing'ono ngati nyerere, ndipo ndinkazikuza mpaka mizere yochepa yokha itadzaza galasi la kompyuta, khosi likuwawa.

Khamalo linapindula Lachinayi, pamene ndinaika kalata ndi buku pafupipafupi. M'makalatamo muli Mr. Brown, mnzake wapaulendo wongopeka, wapakamwa posasankha mawu, amene Twain ankamusenzetsa zonena zamwano. M'bukumo dzinali mulibe. Mawu ena okhadzula anafewetsedwa, pakuti kalata inalembedwera anthu a ku California ozolowera nthabwala zaukali, pamene buku linkagulitsidwa khomo ndi khomo kwa mabanja a m'dziko lonse la America. Kwa ine, amene wawerenga buku lokha wakumana ndi mlembi atasamba kale ndi kuvala jekete, osati munthu uja amene ankalemba mothamanga kuti kalata ipeze sitima yonyamula mtokoma.

Ndinawafotokozeranso mphunzitsiyo kuti eni nyuzipepala anaumirira kuti makalatawo ndi awo, moti mu 1868 Twain anachita kupita ku San Francisco kukakambirana nawo asanaloledwe kuwasandutsa buku.

Lachisanu masana ndinawapatsa makalata amene ndinapeza, iliyonse ili ndi tsiku ndi tsamba lake. Atawaona, anandifunsa ngati makalata 25 amene Twain analembera nyuzipepala ya Sacramento Union ali ku Hawaii mu 1866 angapezekenso, ndipo ndinawalonjeza kuti ndiyamba kuwasaka Lolemba.