Mathanki atatu a mbuna m'sabata imodzi

Lolemba tinadzaza thanki yatsopano ya malita 200 pa loji ina ku Lilongwe. Eni ake akufuna mbuna 15, ndipo ankati zilowe tsiku lomwelo, koma tinagwirizana kuti zidikire. Nsomba imatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa iyo, kudzera m'makha, ndipo ndowe ndi chakudya chotsala zikamawola zimawonjezera wina. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nitrite, komanso ena, a Nitrospira, osandutsa nitrite kukhala nitrate, yomwe siopsa kwambiri ndipo imachoka posintha madzi. Mabakiteriyawa amamatirira pa siponji ya fyuluta, pamiyala ndi pamchenga. Kuti achuluke mokwanira pamapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Tinayamba ndi mankhwala ochotsa klorini, chifukwa klorini wa m'madzi a pampopi amapha mabakiteriya omwe tikuwafunawo. Hita tinaiika pa 28°C, fyuluta ndi pampu ya mpweya n'kuyatsa. Miyala itadya malo ake, madzi enieni anali malita 170, choncho galamu imodzi ya ammonium chloride inakweza amoniya kufika pafupifupi 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu awiri pa lita imodzi ya madzi. Ameneyu ndiye chakudya cha mabakiteriya pamene nsomba mulibe. Wosowa ammonium chloride akhoza kuponyamo chakudya cha nsomba kuti chiwole, koma mlingo wake sudziwika ndipo madzi amada. Tinafinyiramonso siponji yakale yochokera m'thanki ya nsomba zathanzi. Matope abulauni otuluka m'siponjiyo ndiwo mbewu, ndipo amafupikitsa kudikira.

Lachiwiri m'mawa mayi wina anaimba: “Achimwene, nsomba zanga zikupumira pamwamba, koma madzi ndi oyera mbee.” Thanki yawo ndi ya malita 100, inali ndi masiku 12, ndipo mbuna 10 zinalowa tsiku loyamba. Mbuna zinali zitapinda zipsepse, makha akugunda mofulumira. Timabotolo toyezera tinaonetsa amoniya 1 ppm, nitrite 2 ppm, pH 8.0 (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka).

Apa mpomwe oweta mbuna ambiri amagwera. Nsombazi zimachokera m'Nyanja ya Malawi, momwe pH imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo m'thanki timatsanzira madzi omwewo. Koma amoniya amaluma kwambiri pH ikakwera. Pa pH 8.0, gawo lake lakupha limachuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi pa pH 7.0, kotero mlingo womwe nsomba ya m'madzi a pH yotsika ingapirire umawotcha makha a mbuna. Nitrite nayo imalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni. N'chifukwa chake nsomba imabanika ngakhale pampu ikuphulika thovu usiku ndi usana.

Nsomba zili kale m'madzi, palibe kubwerera. Tinachotsa theka la madzi, n'kuthira ena ochotsedwa klorini, ofunda mofanana ndi otsalawo. Patapita maola angapo tinabwerezanso, ndipo nitrite inatsika kufika 0.5 ppm. Tinasungunula mchere, galamu imodzi pa lita, chifukwa chloride wa mumcherewo amatchinga nitrite kuti isalowe kwambiri m'makha. Mayiwo tinawasiyira malangizo atatu: kuyeza m'mawa uliwonse, kusintha madzi okwana malita 30 mpaka 50 amoniya kapena nitrite ikapitirira 0.25 ppm, ndi kudyetsa pang'ono kamodzi pa masiku awiri. Mbuna imapirira njala ya masiku angapo. Ena amaopa kuti kusintha madzi pafupipafupi kumataya mabakiteriya, koma iwo ali pa siponji, ndowa siiwatenga.

Kwa ine njira yokhwimitsa thanki nsomba zili kale m'madzi ndi yopulumutsira zinthu zikavuta basi. Imagwira ntchito, koma nsombazo ndizo zimalipira.

Lachitatu kunali kuyeza chabe. Ku loji amoniya anali asanasunthe, madzi atachita mbuu ngati mwagwera dontho la mkaka. Amenewo ndi mabakiteriya ena oyandama, amatha okha, ndipo sitinakhudze kanthu.

Lachinayi linatha ndi thanki yachitatu, ya malita 150, yopanda nsomba, yomwe kukhwima kwake kunali kutaima pa sabata yachinayi. Mwini wake ankathira amoniya tsiku lililonse osayeza, poganiza kuti chakudya chikachuluka mabakiteriya afulumira. Nitrite inali itadutsa 5 ppm, botolo lili pepo woderapo kuposa mtundu womaliza wa pa tchati. pH inali itagwa kufika 6.2, chifukwa mabakiteriyawa akamagwira ntchito amadya carbonate wa m'madzi, yemwe amateteza pH kuti isagwe, ndipo pH ikatsika pansi pa 6.5 amafooka. Chinanso, bamboyo anali atatsuka siponji pampopi Loweruka lapitalo ataona kuti yada. Siponji imafinyidwa m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, pang'onopang'ono, osaichapa ngati chovala.

Tinasintha magawo atatu mwa anayi a madzi, kenaka n'kuthira soda, yemweyu wophikira therere, masipuni aang'ono atatu. Sipuni imodzi pa malita 50 imakweza KH, muyeso wa carbonate m'madzi, ndi madigiri pafupifupi anayi. Amoniya tinawauza asiye kaye, ndipo nitrite ikatsika pansi pa 1 ppm ayambenso ndi 1 ppm yokha.

Usiku wa Lachinayi magetsi anazima maola asanu ndi limodzi kudera la loji ija. Mabakiteriyawa amafuna okosijeni, ndipo m'fyuluta yotsekeka mpweya umatha msanga madzi akaima. Lachisanu tinataya madzi a m'fyulutamo tisanaiyatse, n'kusiya pampu ya mabatire. Mlonda tinamuonetsa kuti magetsi akazima azitulutsa siponji n'kuiika m'thanki pafupi ndi thovu.

Loweruka amoniya wa ku loji anatsika kufika 1 ppm ndipo nitrite inaoneka koyamba, 0.25 ppm. Popanda siponji yakale ija tikadadikira sabata ina. Mbuna zidzalowa tsiku lomwe tidzathire amoniya 2 ppm n'kupeza amoniya ndi nitrite zonse zili pa ziro patapita maola 24, nitrate ikukwera. Tsikulo tidzasintha madzi ambiri kuti nitrate itsike pansi pa 20 ppm, ndipo zonse 15 zidzalowera limodzi, chifukwa mbuna yofika mochedwa imapeza mapanga onse ali ndi eni ake n'kuyamba kuthamangitsidwa.